Nyumba ya agogo ya m'ma 1930, tiipake simenti n'kuika ma AC kapena pali njira ina?

Mdzukulu_wa_Agogo analemba:

Moni nonse muno. Ndakhala ndikungowerenga zomwe mumakambirana kwa nthawi ndithu koma lero nde ndabwera ndi langa, amene mumadziwa za zomangamanga chonde ndigaireni nzeru.

Tili ndi nyumba yomwe anatisiyira agogo athu aamuna, inamangidwa cha m'ma 1930. Makoma ake ndi a njerwa zootcha, okhuthala moti pa windo mwana amakhala pansi bwinobwino, siling'i ili m'mwamba kwambiri ndipo khonde linazungulira mbali zitatu. Ine ndinakulira mmenemo ndipo sindikumbukira tsiku lomwe tinagonapo ndi fani, ngakhale nyengo yotentha ija ukalowa masana umangomva kuti eee kuno nde kwina. Pano nyumbayi yatopa, malata akudontha malo awiri, pulasitala wa m'munsi akuyoyoka, mafelemu ena a mawindo awola. Pabanja tagwirizana kuti tiikonze ikhale ofesi ndi kalaibulale kakang'ono, komanso pambali pake timange ina yatsopano ya zipinda zinayi yoti tizikhalamo.

Vuto layambira apa. Kontirakitala amene tinamuitana atazungulira kamodzi kokha akuti tigumule pulasitala yense aike wa simenti, tichotse mawindo amatabwa tiike a aluminiyamu a magalasi akuluakulu, titsitse siling'i, titseke timabowo tampweya tili m'mwamba mwa makoma tija, khonde la kumadzulo limangidwe likhale chipinda, kenako tiike ma AC atatu basi nkhani yatha. Abale anga ena akondwera nazo, akuti izioneka yamakono. Ine mtima sunakhale m'malo, chifukwa zaka zingapo zapitazo amalume anapakitsa simenti chipinda chimodzi ndipo lero chipinda chomwecho nde chomwe chimanunkha chinyontho, penti akutupa ndipo pakhoma pakutuluka zoyera ngati mchere, pamene zipinda zomwe sanazikhudze zili bwino.

Nde funso langa ndi loti kodi nyumba yakale ngati iyi ingakonzedwe kuti isamadye magetsi ambiri koma osaiononga maonekedwe ake? Nanga yatsopanoyo tiimange bwanji kuti tisadzakhale akapolo a AC moyo wathu wonse? Sindikukana zamakono ayi, ndikungoopa kupha chinthu chomwe chakhala zaka pafupifupi 90 chikugwira ntchito.

---

Mmisiri_Wakale anayankha:

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanagumule. Ine ndagwira shipuni zaka zoposa 30 ndipo zomwe mukunena za chipinda cha amalume anuzo ndaziona kambirimbiri, kangapo ndinazichitanso ndekha ndili mnyamata ndisanadziwe, mpaka lero zimandiwawa ndikadutsa pa nyumba zimenezo.

Nyumba za nthawi imeneyo zambiri anamangira laimu ndi mchenga, zina dothi, osati simenti. Tengani kiyi kapena msomali mukande pakati pa njerwa ziwiri, mukaona kuti zikufumbutuka mosavuta ndipo ndi zoyererako, dziwani kuti ndi laimu. Khoma lotere limapuma. Chinyontho chimakwera kuchoka pansi chifukwa kale nthawi zambiri sankaika pulasitiki kapena DPC (chotchinga chinyontho) pa fawundeshoni, koma chikakwera chimatulukira mu pulasitala wa laimu n'kuuma ndi mphepo, palibe amene amadziwa n'komwe kuti munali madzi. Nde inu mukabwera ndi simenti kuphatikiza penti wa gloss pamwamba, mwalivundikira khomalo ngati mwaliveka jumbo. Madzi aja akasowa potulukira amakwera m'mwamba kufuna poti atulukire, amanyamula mchere wa m'nthaka, mcherewo ukauma umatupa n'kumaphwanya nkhope ya njerwa. Zoyera mukuzionazo ndi zimenezo. Komanso simenti ndi wolimba kuposa njerwa zakalezo, nyumba ikasuntha pang'ono ndi kutentha ndi kuzizira, m'malo moti ming'alu ikhale mu pulasitala woti mutha kumatanso, imalowa mu njerwa yeniyeniyo.

Ndipo izi zikukhudzanso nkhani yanu ya magetsi, chifukwa khoma lonyowa limadutsitsa kutentha msanga kuposa louma, komanso m'chipinda mwa chinyontho munthu umamva kutentha kwambiri ngakhale thermometer isanakwere, thukuta silimauma. Nde kuumitsa khoma ndi sitepe yoyamba, AC asanatchulidwe n'komwe.

Chomwe ndingachite ine ndi ichi. Yambani ndi denga ndi magatala, madzi asamagwere tsinde la khoma. Onani ngati dothi la panja silinakwere ndi zaka, nthawi zambiri anthu amathira dothi la maluwa kapena kuika khonde la konkire mpaka kufika levulo ya fulo ya mkati, litsitseni pafupifupi masentimita 15 ndipo madzi azithawa nyumba. Simenti wa amalume uja mugumule ndi manja, tchizulo ndi hamala, osati makina, musiye khoma liume miyezi ingapo kenako mumate laimu, muyeso umodzi wa laimu pa itatu ya mchenga wabwino, m'magawo opyapyala awiri kapena atatu. Laimu safuna phuma, amauma pang'onopang'ono pokoka mpweya wa carbon dioxide, mumayenera kumamuwaza madzi ndi kumutchinga dzuwa, kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake makontirakitala ambiri samufuna, simenti mawa lake wagwira iwo alandira zawo apita. Pomaliza pakani njereza kapena penti wopuma, osati wa pulasitiki. Anyamata anu avale magolovesi ndi magalasi, laimu amaotcha khungu ndipo m'maso nde ndi woopsa.

Ku Stone Town ku Zanzibar, komwe nyumba ndi za miyala ya m'nyanja ndi laimu, akatswiri osamala nyumba zakale akhala akulimbana ndi vuto lomweli la anthu omata simenti. Si nkhani ya nyumba yanu yokha ayi.

Timabowo tampweya tija musatseke chonde, ingoikani sefa ya waya kuti udzudzu ndi mileme zisalowe. Mpweya wotentha umakwera, nde agogo anu anausiyira khomo lotulukira. Khonde la kumadzulolo ndi chipewa cha nyumbayo, mukalimanga chipinda dzuwa la 3 koloko lizimenya khoma mwachindunji.

---

WaMagetsi_Eng anayankha:

Madala anena zoona pa laimu, pamenepo sinditsutsa. Koma achemwali ndikuchenjezeniko pang'ono, tisatengeke kuti chilichonse chakale ndi chabwino. Nyumba yomwe munkagona ana ndi agogo si yofanana ndi ofesi yokhala ndi makompyuta asanu, printa, ma router ndi anthu khumi tsiku lonse. Munthu mmodzi atangokhala phee amatulutsa kutentha pafupifupi ma watt 100, nde werengerani nokha. Mabuku nawonso safuna chinyontho, amachita chuku.

Kutentha kochuluka m'nyumba yopanda upstairs kumalowera kudenga osati m'makoma. Malata akale adzimbiri masana amatentha moti sungaikepo dzanja, nde kutentha konseko kumatsikira pa siling'i. Popeza mukukonza denga kale, imeneyo nde nthawi yake yoika insulation, zotchinga kutentha, pamwamba pa siling'i, kaya fibreglass kaya mineral wool masentimita 10 kapena kuposa, ndi foil pansi pa malata yosiya kampata ka mpweya. Malatawo akhale a mtundu wowala. Zimenezi palibe amene aziziona ali panja, maonekedwe a nyumba sasintha, koma kusiyana kwake mudzakumva tsiku loyamba. Chomwe sindingakulangizeni ndi kuika insulation m'kati mwa makoma akalewo, maka ya foam kapena pulasitiki, chinyontho chimabisala kuseri kwake ndipo mudzazindikira matabwa atawola kale.

Musanakwere m'denga wina aone kaye ngati siling'i kapena mapaipi mulibe asbestos, chomangira chakale chomwe fumbi lake limaononga mapapo, ndipo penti wakale wa pa mawindo nthawi zambiri amakhala ndi lead (mtovu) yemwe ndi poizoni, osamupala wouma ana ali pafupi. Mawaya a magetsi akalewo nawo asinthidwe insulation isanaikidwe.

Za mawindo, sindikuona chifukwa chotayira onse. Empire State Building ku New York inamangidwa mu 1931, msinkhu umodzi ndi nyumba yanu, ndipo pomwe ankaikonza cha m'ma 2010 sanataye mawindo ake 6,514, anawagulula n'kuwakonzera m'nyumba momwemo, magalasi ndi mafelemu pafupifupi onse anabwereranso m'malo mwake atawonjezeredwa mphamvu yotchinga kutentha, ndipo pulojekiti yonse inali yofuna kuchepetsa mphamvu zomwe nyumbayo imadya ndi 38 peresenti. Kalipentala wabwino atha kudula powola pokha n'kulumikiza thabwa latsopano, n'kuika timalabala totseka mipata.

Kenako magetsi enieniwo. Babu lakale la ma watt 60 limalowedwa m'malo ndi LED ya ma watt 9 kuwala kofanana. Fani ya kudenga imadya ma watt 50 mpaka 75, pamene AC yaing'ono imadya cha m'ma 1,000, ndipo siling'i yanu yaitaliyo ndi yabwino kwambiri pa fani, nde kuitsitsa ndi kutaya mwayi. Ine ndingati chitani zonsezi kaye, gulani ka thermometer koyezanso chinyontho muike m'zipinda ziwiri zitatu, muzilemba m'kope m'mawa, masana ndi usiku nyengo yotentha yonse. Mukaona kuti chipinda cha makompyuta chikukanikabe, ikani AC imodzi ya inverter mmenemo mokha. Imodzi, osati zitatu zogulira mantha.

---

Mdzukulu_wa_Agogo analemba:

Zikomo kwambiri bambo Mmisiri, ndapita kukakanda ndi kiyi madzulo ano ndipo ndi zoyera zofumbutuka ndendende mmene munanenera. Ndaonanso kuti kumbuyo dothi linakwera mpaka kubisa mizere iwiri ya njerwa, ine ndimaona tsiku ndi tsiku koma sindinaganizepo kuti ndi vuto. Achimwene a Magetsi zikomonso, za asbestos zija sindinaziganize n'komwe, siling'i yake ndi ya mabodi otuwa nde tiyamba tayezetsa.

Nanga yatsopano ija? Mchimwene wanga wamkulu anaona pa YouTube zinazake zotchedwa Passive House nde wakakamira kuti timange choncho, akuti nyumba yotsekeka ngati flask.

---

Tiya_Mapulani anayankha:

Achemwali, achimwene anuwo sakunama koma akuyenera kumvetsa komwe zinachokera. Passive House yoyamba, kapena kuti Passivhaus m'Chijeremani, inamangidwa ku Darmstadt ku Germany mu 1991, mwa omwe anayambitsa ndi Wolfgang Feist, ndipo vuto lomwe ankalimbana nalo ndi chisanu cha miyezi yambiri. Muyeso wake ndi woti nyumba isadye kuposa 15 kWh pa square metre pachaka pofunditsa, ndipo ikhale yotsekeka kwambiri moti akaiyeza ndi chifani pakhomo pa 50 pascal (muyeso wa kukankha kwa mpweya) mpweya wotuluka m'mipata usapose 0.6 ya mpweya wonse wa m'nyumbamo pa ola. Mpweya wabwino umalowa ndi makina omwe amayenda usana ndi usiku. Zimagwira ntchito ndithu, ndipo anakonzanso miyeso ya madera otentha ndi ina yofewerako ya nyumba zakale yotchedwa EnerPHit. Koma zimafuna amisiri osamala mpata uliwonse, mafyuluta osintha, ndi magetsi osadukaduka. Ngati chimodzi mwa izi chili chokayikitsa, flask ija imasunganso kutentha mmene imasungira kuzizira.

Mwanena kuti vuto lanu ndi kutentha osati chisanu, nde ine ndingayambe ndi dzuwa. Pulani isanajambulidwe pitani pa puloti m'mawa, masana ndi madzulo muone komwe dzuwa ndi mphepo zikuchokera. Nyumba italike kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, kuti makoma aafupi nde ayang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa, ataliwo ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera. Chifukwa chake n'choti masana dzuwa limakhala pamutu nde denga lotuluka bwino limaphimba makoma ataliwo, koma la m'mawa ndi la madzulo limabwera chopendekeka, limalowa pansi pa denga lililonse. Kumadzulo ikaniko bafa, sitolo, garaja, mitengo, mawindo ang'onoang'ono. Izi sizionjezera njerwa ngakhale imodzi, ndi kungotembenuza pepala, koma ndimaona anthu akulozetsa magalasi akuluakulu kumadzulo chifukwa choti msewu uli kumeneko, kenako zaka zonse makatani ali chitsekere ndipo AC ikulira. Zimandipweteka kwambiri chifukwa cholakwika chimenecho sichikonzeka nyumba ikatha.

Chipinda chilichonse chikhale ndi potsegula mbali ziwiri kuti mphepo idutse, kwina m'munsi kwina m'mwamba. Mthunzi ukhale kunja kwa galasi, katani ya mkati imatchinga kuwala koma kutentha kwalowa kale.

Kaoneni zithunzi za sukulu ya pulaimale ya ku Gando ku Burkina Faso, yomwe katswiri wa mapulani Francis Kéré anamaliza mu 2001. Makoma ndi a njerwa za dothi zopanikiza, zosakaniza simenti pang'ono, siling'i ndi ya dothinso, ndipo malata anawakweza m'mwamba pa zitsulo osakhudza siling'iyo, nde mphepo imadutsa pakati n'kuchotsa kutentha kusanatsikire kwa ana. Dengalo ndi lotambalala moti mvula simenya makoma. Bambo ameneyu analandira Pritzker Prize, mphoto yaikulu ya akatswiri a mapulani a nyumba, mu 2022, woyamba wochokera ku Africa. Ina ndi Eastgate Centre ku Harare ya Mick Pearce, inatsegulidwa mu 1996, maganizo ake anawatenga pa chulu cha chiswe. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira kudutsitsa m'mafulo a konkire, konkireyo imasunga kuzizirako, masana imamwa kutentha kwa m'maofesi ndipo mpweya wotentha umatulukira m'machumuni 48 pamwamba. Koma apa pali poyenera kusamala, njira imeneyi imatheka chifukwa Harare ili pamtunda ndipo usiku kumazizira. Kumalo komwe usiku kumakhalabe kotentha ndi chinyontho ngati m'mbali mwa nyanja, makoma olemera amakubwezera kutentha nthawi yogona, kumeneko bola nyumba yopepuka yodutsa mphepo yambiri. Nde kope la achimwene a Magetsi lija likuthandizaninso apa, muone kusiyana kwa masana ndi usiku kwanuko. Poti nyumba ya agogo imazizira bwino ndi makoma okhuthala, ndikuganiza yankho muli nalo kale pabwalo panu.

China chomwe anthu timaiwala ndi mphamvu yomwe inalowa kale pomanga. Simenti amaotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,450, laimu cha m'ma 900, ndipo mafakitale a simenti okha amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya carbon dioxide yomwe anthu timatulutsa padziko. Njerwa za agogozo zinaotchedwa kale zaka 90 zapitazo, kuzisunga ndi kupulumutsa mphamvu komwe sikuoneka pa mita.

Pomaliza, yatsopanoyo musaipange yofanana ndendende ndi yakale, ndi timizati tonamizira. Venice Charter ya 1964, yomwe osamala nyumba zakale ambiri amatsatira, imanena kuti chowonjezera chigwirizane ndi chakale koma chizidziwika kuti ndi chatsopano. Tengani msinkhu, mthunzi ndi kapendekedwe ka denga, koma zipangizo zikhale za lero. Ndipo isaime mbali yomwe mphepo imachokera, mungaitsamwitse yakaleyo. Reichstag, nyumba ya malamulo ya ku Germany ku Berlin, anaichita choncho mu 1999, Norman Foster anasunga makoma akale n'kuika dome yagalasi yokhala ndi magalasi oonera 360 omwe amatsitsa kuwala kwa dzuwa m'chipinda cha aphungu, mpweya wotentha n'kumatulukira pamwamba pomwepo.

---

Bambo_a_Awiri anayankha:

Ine si katswiri koma ndifunseko, bwanji osangodzaza masola padenga n'kuyendetsa ma AC atatuwo ndi dzuwa? Magetsi ake ndi aulere eti, nde vuto lili pati?

---

WaMagetsi_Eng anayankha:

Funso labwino akulu. Masana zimatheka ndithu chifukwa nthawi yomwe AC ikufunika kwambiri ndi yomwenso dzuwa lili ndi mphamvu. Koma AC iliyonse yomwe mwapewa ndi mapanelo, mabatire ndi inverter yaikulu zomwe simugula, ndipo mabatire amatha, pakapita zaka mugulanso. Nde mumayamba mwachepetsa njala ya nyumbayo kenako nde muyeze sola yoti iidyetse. Komanso sola sichiritsa khoma lonyowa.

Pa nyumba yakale pali kulemera, panelo imodzi ndi makilo 20 kapena kuposa, ndipo mphepo ikalowa pansi pake imakoka mapaso, nde injiniya aone matabwa kaye. Sikuti n'zoletsedwa ayi, Gloucester Cathedral ku England, tchalitchi cha zaka mazanamazana, anaika mapanelo 150 mu 2016 padenga pomwe munthu ali pansi sawaona. Koma achemwaliwa ali ndi mwayi woti akumanga ina pambali, nde mapanelo onse apite pa denga latsopano lomwe lidzapangidwe molingana ndi katunduyo, ayang'ane ku equator, waya mmodzi apite ku nyumba ya agogo basi. Giza nayo ikhale ya sola, kutenthetsa madzi ndi chimodzi mwa zomwe zimadya kwambiri m'nyumba yokhalamo.

---

Mmisiri_Wakale anayankha:

Ndiwonjezere chimodzi mayi. Musanakhudze kanthu jambulani zithunzi khoma lililonse, windo lililonse, loko ndi mahinjesi omwe, ndipo chomwe mwagulula chilembeni nambala musunge. Funsaninso ku ofesi yoona za nyumba zakale m'dziko lanu ngati yanuyo ili m'kaundula, malamulo amasiyana dziko ndi dziko ndipo kwina umayenera chilolezo ngakhale posintha windo. Mmisiri amene mum'peze mumuuze amate kaye kachigawo ka mita imodzi kumbuyo, mudikire masabata atatu anayi muone ngati sikakung'aluka kapena kuyoyoka. Akakana kuyesa ameneyo laimu sanamugwirepo.

---

Mdzukulu_wa_Agogo analemba:

Ndawawerengera abale anga zonsezi pa gulu lathu la WhatsApp usiku watha, zinavuta pang'ono koma tamvana kuti chaka chino tichite denga, magatala, kutsitsa dothi ndi kugumula simenti wa m'chipinda chija, khonde ndi timabowo tampweya sitikhudza. Ma thermometer ndagula awiri ndipo kope ndayamba kulemba lero m'mawa. Achimwene aja Passive House sanaisiyiretu koma avomera kuti tipite limodzi pa puloti Loweruka tikaone dzuwa la madzulo komwe likumenya pulani isanajambulidwe.

Bambo Mmisiri ndifunsenso, laimu wake ndi uti weniweni woti ndikafunse, chifukwa ndaona kuti pali wa ufa wa m'matumba, wina wonyowa ngati phala wa m'ndowa, ndi wina wolembedwa NHL 3.5, komanso wina ndi wothira m'munda. Ndipo mchenga wake ukhale wa mtundu wanji, wosefa kapena wokhala ndi timiyala?